Khadi la mgonero la amayi

Ndikamva fungo la sopo ndi nsalu zotentha, ndimabwerera m'chipinda chapansi cha nyumba imene tinkachita lendi ku South Bend, kuno kutsidya kwa nyanja. Munali makina anayi ochapira, benchi imodzi, ndi kawindo kam'mwamba kamene chipale chofewa chinkakatseka nyengo yonse yozizira. Ndinali mu giredi faifi. Bambo ankaphunzira ku yunivesite, amayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba.

Kampingo kathu ka Amalawi kanalibe m'busa. Abusa otiyang'anira ankakhala kutali ku Indianapolis, choncho azibambo ankalalikira mosinthana. Azimayi ambiri sankamva maulalikiwo chifukwa Lamlungu amakhala ali pa shifiti. Loweruka masana ankatsikira kwathu ndi madengu a zovala, ndipo makina akuzungulira, amayi, amene Lamlungu ankapuma, ankawabwerezera ulaliki umene anauphonya. Ankayenda ndi Baibulo lawo lachikuto chong'ambika, m'kati mwake muli khadi lobiriwira la mgonero limene anabwera nalo kuchokera ku Dedza. Popanda khadilo, munthu sankayandikira gome la Ambuye.

Lamlungu lina a Chisale, amene anali wapampando, analalikira kuti wogwira ntchito pa Sabata wagulitsa Mulungu. Amayi anabwereza ulalikiwo wonse osachotsapo kanthu. Kenaka, akupinda thaulo, anawonjezera kuti gogo wosatha kudzidyetsa amamva njala Lamlungu lomwe, ndipo Ambuye sanadzudzule munthu wovuula ng'ombe m'dzenje pa Sabata. Loweruka lotsatira benchi inachepa. Azibambo awiri anatsikanso ndi madengu, amene sindinawaonepo akuchapa chibadwire.

Nyengo yomweyo kusukulu tinkaphunzira za Apyuritani, Angerezi opembedza amene anamanga midzi yawo kum'mawa kwa dziko lino zaka mazana anayi zapitazo. M'buku mwathu munali mzamba wina wa ku Boston amene ankasonkhanitsa azimayi kwake n'kumawafotokozera ulaliki, mpaka amuna anayamba kubweranso. Abusa ndi bwanamkubwa anamuzenga mlandu n'kumuthamangitsa m'mudzimo. Pachithunzi anali chilili, mutu uli m'mwamba, amuna azipewa zakuda atamuzungulira. Pepala la mafunso la phunzirolo ndikadali nalo. Ndinalakwa limodzi lokha.

Kalata ya akulu a mpingo yoitana amayi ku mlandu inabwera yotayipa, m'Chingerezi, ngakhale onse olemba ndi olemberedwa anali Achewa. Nayonso ndili nayo. Dzina la amayi analilemba molakwika kawiri. Nditaiwerenga ndinalongedza juzi, masokosi ndi mabisiketi m'chikwama cha kusukulu, chifukwa ndinkadziwa kuti otithamangitsa satipatsa nthawi.

Tinayenda maola atatu pagalimoto ya bambo imene hita yake yotenthetsa m'kati inkangopuma ngati wodwala. Minda ya chimanga inali yoyera mbee ndi chipale, mapesi okha akusuzumira. Kwa abusa ku Lawrence, dera la ku Indianapolis, kunali kapeti yokhuthala ndi fungo la khofi. Ine anandikhazika pamasitepe, pamene ndinkaona balaza lonse kudzera m'mipata ya matabwa.

Azibambo asanu anakhala pamasofa. Anawalozera amayi mpando, koma iwo anakonza chitenje chimene anamanga pamwamba pa thalauzi la chisanu, nagwada pakapeti monga achitira azimayi kwathu poyankhula ndi akuluakulu. Mzamba uja sanagwade.

"Mayi, mukutichalenja," anatero a Chisale. "Mawu akuti mkazi akhale chete mumpingo. Kapena tsamba limenelo linathothoka m'Baibulo mwanumo?"

"Lilipo, bambo," anatero amayi. "Ndingofuna mundithandize, ine sukulu ndinalekezera panjira. Kodi mochapira zovala muja ndi mumpingo?"

"Ayi."

"Ndiye sindinayankhule mumpingo. Koma ngati ndi mumpingo, abusa abwere ndi mkate adzatidyetse momwemo, chifukwa anzanga a shifiti mgonero anaulawa kalekale."

Wina anatsokomola. Abusa anauza amayi kuti adzuke, akhale pampando.

"Ndidzuka mukandiyankha, abusa."

Azibambowo anatsegula mabuku, ananong'onezana, khofi anazizira. Amayi anagwadabe, manja ali pamiyendo, msana uli njo. Palibe mwamuna akanatha kudzutsa mkazi wa mwini, ndipo mwiniwake, bambo anga, ankangoyang'ana nsapato zawo. A Chisale anafuna kupita kuchimbudzi, koma njira inali pamene amayi anagwadapo, ndipo kulumpha miyendo ya munthu wamkulu sakanatha. Anakhalanso pansi. Pomaliza azibambowo analamula kuti amayi aimitsidwe mgonero kufikira atalapa. Amayi anatulutsa khadi m'Baibulo, nalipereka ndi manja awiri. Bambo ndiwo anawagwira mkono podzuka, chifukwa maondo anali atachita dzanzi.

Sanatithamangitse. Mabisiketi ndinadyera m'galimoto. Koma Lamlungu la mgonero amayi ankakhala pabenchi yakumbuyo, mbale n'kuwadutsa, ndipo ena amene ankatipatsa moni anayamba kufunafuna makiyi m'matumba tikamayandikira. Loweruka lililonse amayi ankatsikabe ndi dengu ndi Baibulo. Chipale chitasungunuka, khadi linabwera pa positi, mu envelopu yopanda kalata. Ngakhale mzere umodzi wopepesa munalibe. Envelopuyo ndinasunga.

Tsopano ndine mkulu wa mpingo kuno ku Indianapolis, ndipo mabuku akale a maminitsi ali m'manja mwanga. Tsamba la tsiku limenelo ndinalipeza. Mlembi analemba kuti amayi anagwada navomereza kulakwa kwawo. Limenelo ndi bodza, ndipo ndinalipo. Tsambalo sindinaling'ambe, chifukwa pepala la mpingo sang'amba, koma ndinamatapo langa lofotokoza zimene ananena, mawu ndi mawu, ndi kusayina dzina langa lonse.

Ndili pamasitepe paja ndinkachita manyazi kuti amayi anga sanaime ngati mzamba wa m'buku. Ndinkaganiza kuti wogwada wagonja. Lero ndikayang'ana balaza lija ndimaona azibambo asanu ophunzira atatsekeredwa pamasofa masana onse, osatha kuyankha, osatha kutuluka. Ndipo ndikakumbukira kuti za mlandu wa mzamba uja analembanso ndi amuna amene anamuweruza, ndimangolakalaka pakanakhala kamtsikana pamasitepe.