Ulemu Unatsala Pang'ono Kundilepheretsa Chijeremani

Inu owerenga, musandiseke, ine ndinatsala pang'ono kutaya digiri chifukwa cha ulemu. Inde, ulemu womwewu umene anandiphunzitsa kwathu ku Ntcheu.

Ndinabwera ku Glasgow kudzaphunzira Chijeremani pa yunivesite. Zolemba ndinkakhoza bwino. Koma lamulo la maphunzirowa linali lakuti chaka chachitatu umakakhala ku Germany, ndipo sungapite usanakhoze mayeso apakamwa. Mayeso ake si opatsana moni ayi. Aphunzitsi amakuponyera maganizo, iwe uwatsutse m'Chijeremani.

Ine kutsutsa munthu wa imvi? Aphunzitsi athu anali a msinkhu wa bambo anga. Tsiku la mayeso ananena dala kuti mabuku alibenso ntchito masiku ano. Mumtima ndinapsa, koma ndinaweramitsa mutu, manja pamiyendo, n'kuvomera kuti akunena zoona. Ananenanso zina zopanda mutu, ine n'kuvomeranso. Ndinalephera. Ndinalira m'basi njira yonse mpaka ku Govan kumene ndinkakhala. Mwayi wobwereza unali umodzi basi, ndikalepheranso ndiye kuti ku Germany kulibe, digiri yathera pomwepo.

Thandizo linali pakhomo loyandikana ndi langa. Pamenepo pankakhala agogo Helga, ochokera ku Germany, amene anakwatiwa kalekale ndi mmisiri wa sitima zapamadzi. Agogo olongolola ngati amenewo sindinawaonepo! Atamva nkhani yanga anaseka mpaka kutsokomola. Anandilamula kuti ndizipita kukamwa tiyi kwawo, koma keke ndidzalawa pokhapokha nditawatsutsa.

Ndinamwa tiyi wopanda chomwera mpaka ndinatopa. Tsiku lina anati m'Chijeremani, "Nyimbo za kutchalitchi kwanu zija ndi phokoso chabe." Aaa, pamenepo ndiye anandiponda pachilonda! Ine wa kwaya ine? Chijeremani chinangotuluka ngati madzi a pampopi, chala chili m'mwamba. Nditazindikira ndinagwira pakamwa. Agogo anali akuwomba m'manja, keke yonse n'kundikankhira.

Pa mayeso obwereza ndinawayang'ana m'maso aphunzitsi aja, n'kuwatsutsa mpaka anavula magalasi akuseka. Ndinakhoza! Ndinavina pa siteshoni ya basi, anthu akundiyang'ana, ine osasamala. Ku Germany ndinapita, ndipo digiri ili pakhoma.

Choncho inu amene mukufuna kuphunzira chilankhulo kunja kuno, funsani msanga zimene maphunziro anu amafuna, musadalire cholembera chokha. Ine ndimadandaula misozi ija, inapita pachabe. Ulemu musautaye, koma pa mayeso apakamwa tukulani mutu, tsegulani pakamwa.

Vuto latsala limodzi. Masiku ano amayi anga pafoni amati, "Iwe, kuyankha akuluakulu kumeneku unakuphunzira kuti?" Ine ndimati, "Pepani amayi, n'kumene kunabweretsa digiri imene mumanyadira nayo kumvano ija." Amangoseka, osanditsutsa.