Kapu Yanga pa Linga la Zuze

Fungo la pulasitiki yopserera limandibweza ku Ngabu, kuseri kwa khitchini ya azakhali anga, dzinja lija madzi atatithamangitsa kwathu ku Nyachikadza. Amayi anatsala kumsasa wa anthu othawa madzi, ine ananditumiza kwa azakhali kuti ndisaleke sukulu. Ndinafika ndi diresi limodzi ndi kapu yobiriwira imene ndinkamwera kwathu. Pa zinthu zonse za m'nyumba mwathu, inapulumuka ndi yomweyo.

Mwana wa azakhali, Zuze, anandida tsiku lomwelo, ndipo nanenso sindinachedwe kumubwezera. Ankanditcha wa m'matope, ati ndikununkha mlamba. Chuma chake chinali asilikali apulasitiki ndi linga lawo la zidutswa zolumikiza, zimene bambo ake anamugulira ku Joni. Kutentha kwa Ngabu sikusewera: zidutswa zija zinapindika, molumikizira monse munatsala mipata yolowa chala. Madzulo aliwonse ankayala nkhondo yake pakhonde, udzudzu ukulira, ine atandiletsa ngakhale kuloza.

Mipata ija inkamudya mtima. Anamata ndi dongo, litauma linagwa. Anayesa phala la ufa, nyerere zinachita phwando. Chingamu chinasungunuka n'kumatirira asilikali kumapazi. Ine ndinkasekera m'kati, ndipo sindibisa, zinkandikoma.

Kenako anaonera bambo wina womata mabeseni kumsika. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza Zuze atanjuta pafupi ndi mbaula, mpeni wofiira uli m'manja, utsi wakuda ukukwera. Pambali pake panali chogwirira cha kapu yanga, basi. Zina zonse anali atazidula timizere n'kuzisungunulira m'mipata ya linga.

"Mtundu wake ndi womwewu," anatero osandiyang'ana n'komwe.

Ndinalira mpaka mawu anatha. Azakhali anangoti makapu ndi ambiri m'nyumba muno, ndisawasokose.

Zimene Zuze sanafunse kumsika kuja n'zakuti pulasitiki imagwirana ndi inzake yamtundu umodzi, osati yofanana maonekedwe chabe. Posakhalitsa zomata zija zinayamba kusendeka ngati nkhanambo, ndipo popeza mpeni unali utadya m'mphepete mwa zidutswa, linga lonse linaphwasuka. Iye anathamangira kwa bambo ake, ati ndakanganula ndine chifukwa cha nsanje.

"Wachita ndiwe?" anandifunsa bambowo.

"Nkhabe!" ndinakana m'Chisena chakwathu, maso ali gwa. Kwa iwo yankho limenelo linali mwano woposa linga lophwasukalo. Anauza azakhali kuti sangasunge mwana wowononga ndi wamwano, ndipo azakhali anangoyang'ana pansi.

Anandikweza basi, kenako njinga ya kabaza, mpaka kumsasa. Njira yonse ndinkamwetulira, chogwirira chija ndili nacho m'manja. Linga linali litagwa, ine ndikupita kwa amayi anga. Ndani akanandiuza kuti sindinapambane?

Amayi atandiona ndikutsika panjinga anakhala pansi n'kuyamba kulira, ndipo ine ndinati akulira chifukwa chondisowa. Zuze sindinamukhululukire, ngakhale lero tikakumana pamaliro timangopatsana moni wa pakamwa. Koma misozi ija ndinadzaimvetsa nditabereka anga. Mu tenti ya amayi munali kale abale anga atatu pa mbale imodzi, ndipo sukulu ya kumeneko inali itasanduka pogona anthu. Chaka chimenecho m'kalasi sindinalowemonso.