Chitini cha Masikuluwu Otsala

Zaka zonse zimene a Sajeni anakhala ku usilikali, mfuti anaigwira pa maphunziro oyamba ndi pa perete basi. Nkhondo yawo inali ya mawaya. Ankasamala zamagetsi za m'ndege: wailesi imene woyendetsa amalankhulira ndi anzake a pansi, timawotchi tomuuza kutalika kumene wafika ndi mafuta amene atsala, ndiponso mitolo ya mawaya yoyenda m'mimba mwa ndegeyo ngati mitsempha. Pantchito imeneyo panali lamulo limodzi limene linawalowa m'magazi: chimene wamasula uchibwezere pamalo pake. Kasikuluwu kamodzi kakasowa, ndege sinkanyamuka. Anthu onse, ndi akuluakulu omwe, ankandanda phewa ndi phewa n'kumayenda chowerama kufunafuna kachitsuloko, pakuti kakagwera pakati pa mawaya ndege ili m'mitambo, kulibe kumbali kwa msewu koti n'kuimika.

Atapuma, ankayesa kuti mabwana a ntchito zawamba adzawalimbirana. Kukampani ya ndege zonyamula anthu anawalandira mwaulemu, anawapatsa mpando ndi madzi ozizira, kenako anawauza kuti mapepala a ku usilikali ndi okongola ndithu, koma pafunika chiphaso china chimene munthu amachipeza atabwerera m'kalasi. A Sajeni anagwira imvi zawo, nathokoza chifukwa cha madziwo. Kukampani ya mafoni anawafuna, koma ntchito yake inali yokwera nsanja. Apo m'pamene zinadziwika kuti munthu amene anakalambira pa kutumiza anzake mumlengalenga, iye mwini amaopa ngakhale kukwera makwerero. Kuchipatala, kumene kuli makina ofuna dzanja lofatsa ngati lawo, anawauza kuti adikire malo atseguke. Malowo ali chitsekere mpaka lero.

Choncho anakhala pakhomo, ndipo pakhomopo panasanduka bwalo la ndege. Simbi yositira anaipeza ndi waya wosupuka, naimanga kansalu kofiira kusonyeza kuti yaletsedwa kugwira ntchito. Ketulo inatsatira. Tsiku limene anamanga kansalu pa wailesi yakanema, akazi awo anavala nsapato n'kupita kwa mchimwene wawo, amene ali ndi shopu yokonza zamagetsi.

"Achimwene, atengeni alamu anuwa musanamve kuti ndili kuchipatala cha amisala."

Mwini shopuyo anadziwa kuti kulemba mlamu ntchito n'kuika khoswe pamkhate, koma mlongo wake sakanamukanira. Anawaitanitsa a Sajeni n'kuwauza mosabisa mawu: "Alamu, ndikuyesani kaye. Mukandithamangitsira makasitomala, chibale chidzakhala chibale, koma ntchito idzathera pomwepo."

A Sajeni anaomba zidendene mwausilikali. Chimene ankafuna sichinali chachikulu: malo opitako m'mawa, atavala ovolosi, anthu a mumsewu n'kumati bamboyo akupita kuntchito.

Shopuyo ndi kachipinda kopapatiza, kopanikizika pakati pa telala ndi saluni. Makanema akufa aunjikana mpaka kudenga, mafani aimirira pakona ngati anthu odikira basi, ndipo fungo la mtovu wowotcherera limakulandira usanaponde pakhomo. Mwini shopu, mlamu wa a Sajeniyo, amagwira ntchito ndi liwiro la munthu wothawa mvula. Amatsegula wailesi, kuuzira fumbi, kuwotcherera pamodzi, kuimenya khofi, ikalira n'kutseka. A Sajeni anabwera ndi nsalu yoyera, naiyala pa benchi, ndipo chilichonse chimene amasula ankachiika pamzere monga chinatulukira. Fani imodzi anakhala nayo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

"Alamu, fani imeneyo siuluka," anatero mwini shopu.

"Ili ndi mapiko atatu, alamu. Sitingadziwe."

Tsiku lina a Sajeni akusesa pansi pa benchi, tsache linagunda chinthu cholemera. Chinali chitini cha mkaka wa ufa, chodzaza ndi masikuluwu mpaka m'milomo: aatali, aafupi, akuda, onyezimira.

"Awa ndi atsopano?"

"Otsala."

"Otsala kuti?"

"Pa ntchito, alamu. Ukatseka chinthu sipalephera kutsala awiri kapena atatu. A kufakitale amaika ambiri dala, kuti katundu alemere. Wailesi imaimba ndi mawaya, siimba ndi masikuluwu."

A Sajeni anakhala pansi pang'onopang'ono. Iwo sankaona chitini. Ankaona nyumba za m'tauni yonseyo, iliyonse ili ndi chinthu chimene chinatuluka m'shopu muno chisanathe, chikuyaka pafupi ndi makatani, pafupi ndi ana. Ku usilikali akadadziwa chochita: ndege zonse zimene zinadutsa m'manja mwa mmisiri wotere zimaimitsidwa, n'kuitanidwanso imodziimodzi.

Loweruka mlamu anapita kukagula masipeyala, n'kuwasiyira makiyi. A Sajeni anatseka shopu, namanga mabatani onse a ovolosi, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo mumsewuwo. Anayambira kwa mayi wa saluni.

"Mayi, makina anu oumitsira tsitsi anakonzedwapo kwathu?"

"Eya, chaka chatha. Akugwira bwinobwino."

"Azimitseni. Mbali yake ina inatsalira kwathu. Mubwere nawo Lolemba m'mawa."

Mayiyo anali ndi kasitomala m'kati mwa makinawo, mutu uli wonyowa theka. Koma a Sajeni akalankhula, mawu awo sasiya mpata wa funso. Anazimitsa. Mawu omwewo anakawanena kwa wabutchala za firiji, kwa mwini bala za zokuzira mawu, ndi kwa mkulu wa kwaya za kiyibodi. Sanatchule kuti mbali yotsalayo ndi sikuluwu, chifukwa kwa iwo chosowa n'chosowa. Kukula kwake sinkhani. Amene sanawapeze anawasiyira uthenga kwa oyandikana nawo, ndipo uthengawo unayenda wokha, ukunenepa panjira. Pofika Lamulungu, tauni yonse inali itamva kuti mwini shopu amachotsa mitima ya katundu wa anthu n'kuikamo zakutha, ndipo kuti msilikali uja wamugwira.

Lolemba mlamu anatsika basi atanyamula katoni ya masipeyala, n'kupeza khamu pakhomo pake. Poyamba anakondwa, kuyesa kuti malonda abwera. Panali mawilibala onyamula mafiriji, amayi osenza makanema pamutu, nkhalamba ina itakumbatira wailesi ngati khanda. A Sajeni anali atawandandika pamzere wowongoka, zazikulu kutsogolo.

"Uyo wabwera!" anakuwa wabutchala. "Iwe, bweza injini ya firiji yanga! Nyama yonse yasanduka ya ntchentche!"

"Injini? Injini yanji, achimwene?"

"Ine kwaya yaimba pakamwa ngati kumaliro," anatero mkulu wa kwaya. "Abusa andifunsa ngati kiyibodi ndinaigulitsa."

"Ine makasitomala anga a Loweruka onse apita kwa mnzanga wa kutsidya," anatero mayi wa saluni, manja ali m'chiuno. "Wina wapita mutu ukudontha. Mundiuze chimene munaba."

Mlamuyo anaika katoni pansi n'kutembenukira kwa a Sajeni. "Alamu, mwachita chiyani?"

"Ndaitanitsa zonse kuti ziunikidwenso."

"Zonse?"

"Zina zili m'njira."

Kenako a Sajeni anatulutsa benchi panja, nayala nsalu yawo yoyera, n'kukhuthula chitini chija pamaso pa onse. Masikuluwu anati waa, ena kugubudukira m'ngalande, a Sajeni n'kuwathamangira.

"Basi?" anafunsa wabutchala. "Mbali yotsalayo n'timisomali timeneti?"

"Limodzi mwa amenewa ndi lanu."

"Bambo inu, ng'ombe yathunthu yaola chifukwa cha kamsomali?"

Wina kumbuyo anaphulika ndi chiseko, ndipo chinafalikira mzere wonse. Mayi wa saluni anaseka mpaka kukhala pa makina ake. Mlamu yekha ndiye sanaseke. Anatambasula dzanja.

"Makiyi anga, alamu. Mlongo wanga ndimamukonda, koma kumbuyo kulibe maso. Ndikadadziwa ndikadamulipirira chipatala cha amisalacho. Tengani nsalu yanu, tengani ndi chitini chanucho."

A Sajeni anapereka makiyi ndi manja awiri. Anayamba kutola masikuluwu limodzilimodzi, osakweza maso. Ankaganiza za njira yobwerera kunyumba dzuwa lili pamutu, ndi za anthu a mumsewu amene adzawaone akudutsa nthawi imene amuna anzawo ali pantchito.

Koma khamu silinabalalike. Munthu amene wakankha firiji pa wilibala kuchokera kumapeto kwa msewu safuna kubwerera nayo chimodzimodzi. Nkhalamba ya wailesi ija inasendera pafupi, n'kuwerama pa nsalu yoyerayo.

"Mwana wanga, langa ndi liti pamenepa? Wailesiyi ikamalira imanjenjemera ngati ili ndi malungo."

A Sajeni anaitembenuza wailesiyo, nayang'ana mabowo a kumbuyo, nafufuza mu muluwo ndi chala, n'kutola kakuda kamodzi. Kanalowa ngati kwawo.

"Ngati n'choncho ndipatseni langa inenso," anatero wabutchala. "Nyama yapita, koma msomali wanga ndiupeze."

"Pakhomo panga ayi!" anakuwa mlamu m'kati mwa shopu.

Telala, bambo wofatsa amene anaonera zonsezi tepi ili m'khosi, anasuntha makina ake osokera n'kuloza pakhonde pake. "Sajeni, khonde ili ndi lalikulu. Bola anthu anuwa asanditsekere kuwala."

Pakhonde pomwepo m'pamene a Sajeni akugwirira ntchito mpaka pano, mkono umodzi kuchokera pa chitseko cha mlamu wawo. Amene ali pachangu amalowa kwa mlamu. Amene ali ndi mtima wodikira amakhala pa benchi la telala n'kumadandaula za kuchedwa. Awiriwa amapatsana moni m'mawa uliwonse, mwaulemu wa anthu amene adzakumane pa ukwati wotsatira wa m'banja.

Vuto limodzi lokha linatsala. Ku usilikali mmisiri sadzivomereza yekha. Ntchito ikatha, munthu wachiwiri amaiyang'ana isanatuluke. Pakhondepo munthu wachiwiri ndi telala. Choncho chinthu chilichonse chikatha, a Sajeni amaimirira n'kuitana: "Atelala, kuunika!" Telalayo amaimitsa makina, amatsitsa magalasi pamphuno, n'kusuzumira m'mimba mwa wailesi mmene sadziwamo ngakhale waya umodzi. Amakhala kanthawi ndithu, chifukwa anaphunzira kuti akafulumira a Sajeni amamubwezera. Kenako amagwedeza mutu.

"Msoko wake uli bwino, Sajeni. Ipite."