Dzina langa pamwendo

M'mawa uno ndikudzoza mdzukulu wanga mafuta, ndinaona miyendo yake itatuwa ndi chisanu, mtima n'kundibwezera kusukulu ya mpingo kwathu ku Ligowe.

Masileti anali a anyamata akuluakulu okha. Ife tinkalemba ndi kamtengo pamiyendo yathu yotuwa, mizere yoyera n'kumatuluka. Abambo anga anali atanena kuti, "Sabata ino ukapanda kundionetsa chimene waphunzira, basi, uzikhala pakhomo kulera mng'ono wako."

Lachisanu aphunzitsi anandigwira dzanja, n'kulemba nane dzina langa, Esinati, pamwendo. Pobwerera kunyumba ndinayenda pang'onopang'ono ngati ndasenza mtsuko wodzaza. Koma powoloka mtsinje ndinaterereka pamwala, khuvu m'madzi! Potuluka, mwendo unali bii, wopanda kalikonse. Ndinathamangira kumunsi kukasuzumira m'mabango, poganiza kuti mwina dzinalo lakodwa m'menemo.

Ndinafika pakhomo ndikulira. "Ababa, lapita ndi madzi!"

"Chapita n'chiyani, mwanawe?"

"Dzina langa."

"Eti! Ndiye tizikuitana kuti chiyani?" anatero akuseka. Kenaka anasalaza dothi ndi phazi. "Tayesa apa."

Ndinagwada, ndipo chala changa chinayenda chokha mpaka dzina lonse linabwerera. Ndinachita mantha. Abambo, amene sankadziwa kuwerenga, anavula chipewa ngati ali m'tchalitchi, naletsa amayi kusesa pamenepo. Lolemba m'mawa abambo anandidzutsa okha kuti ndisachedwe.

Mpaka lero ndikatsegula Baibulo langa ndimathokoza Mulungu, amene anandisungira zilembozo kumene madzi safika.