Chisomo Chinathera pa Tikiti

Chaka chimene anandikweza kukhala woyang'anira oyeretsa zipinda pa hotelo ina ku Al Barsha, mumzinda wa Dubai, ndinali ndi ngongole ya madiramu masauzande asanu ndi atatu pa khadi la ku banki. Siinali ngongole ya nsapato kapena ya mafoni. Mayi anga anagona m'chipatala ku Blantyre miyezi iwiri, ndipo atangotuluka, mphepo inasasula denga la nyumba yathu ku Chirimba. Ndinkangotapa pa khadipo n'kutumiza, kutapa n'kutumiza.

Khadilo ndinakhala nalo chaka chathunthu lisanandilume. Lamulo lake ndinkalidziwa bwino: ukagula chinthu, banki imakudikira masiku angapo, nthawi zina kufika makumi asanu, ndipo ukabweza zonse tsiku loikika lisanadutse, sulipira chiwongoladzanja ngakhale khobidi. Masiku amenewo amawatcha achisomo. Koma kuyambira pa matenda a mayi sindinathenso kubweza zonse. Ndalama imene ndinkaponyamo mwezi ndi mwezi inkangomezedwa, ngongole ili chiimire.

M'nyumba za kampani ndinkagona chipinda chimodzi ndi mayi wina wa ku Kasungu, wolandira ndalama mu lesitilanti ya hotelo yomweyo. Anali aakulu kwa ine, choncho ndinkawatchula asisi. Nawonso anali ndi khadi lawo lolemera, chifukwa ankamanga nyumba ya lendi kwawo. Tsiku lina m'mwezi wa Epulo anabwera ku ntchito akumwetulira.

“Iwe, ndapeza munthu. Amasamutsa ngongole kupita ku banki ina, miyezi isanu ndi umodzi yopanda chiwongoladzanja. Ndiponso ndi wakwathu, wa ku Zambia.”

Tinakakumana naye tsiku lathu lopuma, masana, pa malo omwera khofi pansi pa nyumba zosanja za ku Jumeirah Lake Towers. Anali mwamuna wa tayi, wathukuta pamphumi, chikwama chodzaza mafomu. Atangotsegula pakamwa, mtima wanga unakhala pansi. Kumva chilankhulo chako m'kamwa mwa munthu wa ku banki, kuno, n'chinthu chosowa.

“Ba sista, manje mvelani,” anatero. “Nkongole yanu tiitenga, tiigoneka. Izagona chabe, siizakula. Miyezi sikisi, ziro. Khalas, nkhani yatha.”

Ndinafunsa ngati khadi latsopanolo ndingaguliponso zinthu.

“Ni khadi monga khadi iliyonse. Palibe vuto.”

Anatipatsa mapepala a tizilembo ting'onoting'ono, natilozera posaina. Pomaliza anatulutsa cheke cha aliyense. Anati n'chachikole basi, banki imangochisunga m'kabati. Asisi anasaina mwachangu, akuti yalla, tifulumire, basi ya kampani itisiya. Ine ndinazengereza pang'ono, koma ndinasaina.

Milungu yoyamba ndinapuma. Ndinawerengera kuti ndikamapereka mwezi uliwonse mosaphonya, n'kuwonjezera bonasi ya kumapeto kwa chaka, nditulukamo.

Kenako kunabwera foni ya amayi ena a ku tchalitchi kwathu. Tinkawatchula amayi a kwaya, chifukwa ndiwo ankayambitsa nyimbo. Ankalera ana a banja lina ku Dubai Sports City ndipo ankagona komweko, m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini. Anaimba Lachiwiri m'mawa, ine ndikuwerenga matawulo pa nsanjika yachisanu.

“Mwana wanga, bambo akunyumba atisiya.”

Madamu awo anawalola kupita kumudzi kumaliro milungu itatu, koma anati ndalama ya tikiti alibe mpaka mwezi utathe. Olera ana sapatsidwa makhadi otere. Mwa amayi onse a ku tchalitchi, amene tinali ndi makhadi tinali owerengeka.

“Amayi, musalire za tikiti,” ndinawauza. “Ndigula pa khadi. Mudzandibwezera mukadzabwera. Banki imadikira.”

Ndinagula masana omwewo, madiramu masauzande awiri ndi mazana asanu ndi limodzi. Ndinawerengera masiku pa kalendala ya foni, ndipo ndinaona kuti adzakhala atabwera chisomo chisanathe. Anabweradi, atavala zakuda, ataonda. Lamlungu loyamba anandikokera pambali kunja kwa tchalitchi n'kundipatsa envulopu, ndalama zonse zokwanira. Tsiku lomwelo ndinakaziponya m'makina a banki, kutatsala masiku asanu ndi atatu.

Sitetimenti itabwera pa foni, ndinaona mzere umene sindinkauyembekezera: chiwongoladzanja. Sichinali chambiri, sichinafike madiramu zana. Ndinaganiza kuti alakwitsa. Ndinaimbira munthu wa ku Zambia uja, foni inangoitana. Mawa lake inali yotseka. Asisi anati amva kuti anasiya ntchito.

Mwezi wotsatira mzere uja unabweranso, utanenepa pang'ono. Ngongole ya tikiti ija inali ikadalipo yonse, ngati sindinaperekepo kanthu.

Ndinapempha theka la tsiku n'kupita ku ofesi ya bankiyo, m'sitolo yaikulu ya ku Al Barsha. Kunja kunali kotentha moti magalasi anga anachita nthunzi potsika basi, koma m'katimo ndinanjenjemera ndi kuzizira. Ndinatenga nambala n'kudikira. Amene anandithandiza anali mayi wachitsikana wa mpango kumutu, waulemu ndithu. Anayang'ana pa kompyuta, kenako anatenga pepala n'kujambula mabokosi awiri.

“Bokosi ili ndi ngongole imene munasamutsa,” anatero m'Chingerezi. “Ili pa ziro, monga anakulonjezani. Bokosi ili ndi zimene mwagula. Izi sizili pa ziro.”

“Ndikudziwa. Koma ndinabweza masiku achisomo asanathe.”

“Madamu, inu mulibe masiku achisomo.”

Anafotokoza pang'onopang'ono, ngati wazinena kambirimbiri. Chisomocho ndi cha munthu amene wabweza zonse zimene zili pa khadi, osasiyapo kanthu. Ine ndinalowa ndi ngongole kale, choncho kuyambira tsiku loyamba ndinali munthu wosamaliza kulipira. Chilichonse chimene ndinagula chinayamba kubereka tsiku lomwe ndinachigulalo.

“Chabwino,” ndinatero. “Nanga ndalama ya tikiti imene ndinaponya ija ili kuti?”

Analoza bokosi loyamba. Pa khadi limeneli, anatero, ndalama ukaponya imayamba yapita ku ngongole yosamutsidwa. Bokosi lachiwiri silikhudzidwa mpaka loyamba litatha.

Ndiye kuti envulopu ya amayi a kwaya inakagwera pa ngongole imene inali itagona, n'kusiya imene inali maso.

“Zinalembedwa m'mapepala amene munasaina,” anatero. Kenako anatsitsa mawu. “Chinthu chimodzi, madamu. Musadzachedwe kulipira ngakhale tsiku limodzi. Mukachedwa, ziro uja amachoka, ndipo mabokosi onse awiri amayamba kubereka.”

Nditafika kunyumba ndinawauza asisi. Iwo anali atagulirapo kale foni ndi firiji yotumiza kwawo. Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa mano okha.

“Ukuopa chiyani? Malipiro amabwera pa 28, banki ikufuna pa 3. Inshallah tidutsa.”

Amayi a kwaya sindinawauze. Munthu wongoika kumene mwamuna wake m'manda ungamuuze bwanji kuti tikiti yake ikundidya?

Julaye anafika ndi kutentha kwake. Alendo anathawa, nsanjika ziwiri za hotelo zinatsekedwa, makatani otseka, mabedi ovundikira. Ndikamadutsa m'makonde amenewo kukayendera, ndinkangomva makina oziziritsa ndi mapazi anga. Oyeretsa anga anayamba kunong'onezana kuti eni hotelo akufuna kuigulitsa. Mlonda wina wa ku Mzimba anatiuza ku kantini za mnzake amene anachotsedwa ntchito ali ndi ngongole ya khadi. Ndalama zake zomaliza zitangolowa, banki inazigwira zonse. Munthuyo anafika pa bwalo la ndege ndi chikwama, koma anamubweza. Sindikudziwa ngati zinayendadi choncho. Chimene ndikudziwa n'chakuti asisi anasiya mpunga wawo m'mbale.

Pa 28 Ogasiti malipiro sanalowe. Pa 29 anamata chikalata pa khomo la kantini chakuti tipirire masiku ochepa. Masiku angati, sanalembe.

Lamlungu ndinapita ku tchalitchi, koma sindinaimbe. Titatuluka, amayi a kwaya anandigwira pamkono.

“Iwe mwana wanga, nkhope iyi si yako. Mayi adwalanso?”

Ndinakana. Anandiyang'anitsitsa osasiya mkono. Pamenepo ndinaulula zonse, mabokosi awiri aja, tsiku la pa 3, cheke chimene ndinasaina. Anamvetsera mpaka pomaliza, kenako anakwiya, mkwiyo weniweni.

“Miyezi itatu ukudyedwa chifukwa cha maliro anga, ine n'kumakupatsa moni ngati palibe kanthu? Ukundiyesa mlendo ine?”

“Amayi, ndinaona kuti muli kale ndi chisoni.”

“Chisoni ndi changa. Usandisankhire chonyamula.”

Amayi a ku tchalitchi anali ndi chipereganyu chawo, anthu khumi, ambiri olera ana. Ine sindinalowemo, ndinkadziona ngati munthu wa khadi. Mwezi umenewo wolandira anali amayi a kwaya, ndipo ndalamazo anali atazikonzera mwala wa pamanda. Anazitulutsa m'chikwama momwe anazilandirira, zomanga ndi labala.

“Mwala udikira. Wagonayo sathawa. Kazipereke lero lomwe, ndipo khadilo ukalidule. Uzindibwezera ine pang'onopang'ono.”

Ndinagwada pa simenti yotentha ija, anthu akuona. Anandidzutsa mondikalipira kuti ndikuwachititsa manyazi.

Ndinaponya ndalamazo madzulo omwewo. Kunyumba ndinawauza asisi kuti ndikhoza kupempha amayi aja kuti awathandizeko kandalama kochepa kamene banki inkafuna mwezi umenewo. Anakana. Anati sangakapemphe kwa antchito a m'nyumba, malipiro abwera mawa.

Malipiro analowa pa 7.

Ine ndinamaliza kangongole kotsala n'kupempha kuti khadi alitseke. Mwezi wotsatira kunabwerabe sitetimenti ina, madiramu makumi atatu ndi mphambu, chiwongoladzanja cha masiku omaliza aja. Ndinathamangira ku makina nthawi ya nkhomaliro ngati ndikuthamangitsidwa. Kalata yonena kuti ndilibe nawo mangawa inatenga milungu isanu ndi umodzi.

Asisi anachedwa ndi masiku anayi okha. Anawalipiritsa chindapusa, ziro uja anachoka, ndipo ngongole yonse inadzuka. Mwezi wa Okutobala kandalama kochepa kaja kanali katakula kuposa zimene ankatha kupereka, popeza kwawo amisiri ankadikiranso. Anaphonya kachiwiri. Mafoni ochokera ku banki anayamba. Poyamba ankaimba mwaulemu, kamodzi pa tsiku. Kenako kanayi, kasanu, manambala osiyanasiyana. Tsiku lina anaimbira ku lesitilanti, bwana wawo ndiye anayankha.

Hotelo itagulitsidwa, anaitana anthu mmodzimmodzi ku ofesi ya olemba ntchito. Ine anandisiya pa ntchito. Asisi anatuluka ndi envulopu yoyera, ya kalata yowachotsa ntchito. Ndalama zawo zomaliza zinalowa ku akaunti Lachinayi, Lachisanu sanathe kutapako. Munthu wa pa foni anawakumbutsa za cheke, n'kuwauza kuti nkhani ikapita ku khoti asaganize zokwera ndege. Kukayesa pa bwalo la ndege anaopa. Kukafunsa ngati dzina lawo latsekedwadi anaopanso, poganiza kuti awagwira komweko.

Anawapatsa masiku ochepa kuti atuluke m'nyumba za kampani. Ndinawathandiza kulongedza. Sanandinene, sanalire. Anangofunsa kamodzi, akupinda yunifolomu yoti akabweze:

“Iwe, paja munthu uja anati izagona chabe?”

Tsopano amachita lendi bedi limodzi m'chipinda cha anthu asanu ndi mmodzi, kutali, komwe sitima siifika. Amatsuka m'nyumba za anthu mwa apo ndi apo. Tinapeza munthu wa ku tchalitchi wodziwa za malamulo amene akuwathandiza kukambirana ndi banki, koma banki ikufuna ndalama yoyambira imene palibe aliyense wa ife amene ali nayo. Amayi a kwaya ndinamaliza kuwabwezera ndalama zawo m'miyezi khumi, ndipo ndinalowa chipereganyu. Ulendo wanga wolandira ndinawauza asisi kuti ndi wawo. Anagwedeza mutu, osavomera, osakana.

Ndimawayendera kamodzi pa mwezi, ndi mpunga ndi sopo. Ulendo wapitawu ndinapeza sutikesi yawo ili pansi pa bedi, yomangidwa kale ndi chingwe, pamwamba atalembapo ndi choko kuti Kasungu. Tinakhala pa bedi n'kumadya, akundifunsa za anthu a ku hotelo, amene anatsala ndi amene anapita. Foni yawo inayamba kulira pa pilo. Anaitembenuza chafufumimba, n'kundiuza kuti ndiwonjezere ndiwo.