Chinsinsi cha Kuntchito Chinandilanda Achimwene

Inu owerenga, ine ndinatseka pakamwa tsiku limene achimwene anga ankafuna mawu amodzi okha kuchokera kwa ine. Abwana anga amati ndinachita bwino. Amayi amati munthu wamtima sangatero. Ine mutu unangoima, ndipo mpaka lero sunayambenso kuyenda.

Kwathu ndi ku Katowo, m'boma la Rumphi. Bambo atamwalira, achimwene, omwe ndi oyamba kubadwa, ndi amene anandilera. Ndi iwonso anandiuza kuti ku yunivesite ndikaphunzire zowerengera ndalama, ati akauntanti sasowa ntchito chifukwa ngakhale kutchalitchi amamufuna. Masamu ndinkawakonda, ndiye sindinatsutse. Ndinkaona ngati ntchito yake ndi kukhala pa mpando wozungulira n'kumadinadina manambala mpaka nthawi yoweruka.

Tili m'chaka chachitatu tinaphunzira za khalidwe la akauntanti. Mphunzitsi wake, bambo wina wadazi wosaseka, ankabwereza kuti zimene wamva kwa eni ntchito si zako, usauze mwamuna wako, usauze ngakhale abusa. Ife tinkangoseka. Phunzirolo ndinakhoza bwino kwambiri, poti pa pepala palibe amene amakuyang'ana m'maso.

Nditamaliza ndinalembedwa ntchito ku Mzuzu, pa kampani ina ya maodita, aja amapita kukaunika ngati mabungwe akuyendetsa bwino chuma chawo. Tsiku lina anatiuza kuti tikupita ku Rumphi Boma, ku bungwe lina lothandiza alimi. Ndinasangalala ngati mwana, chifukwa achimwene ankagwira ntchito komweko ngati mlangizi, akuzungulira midzi pa njinga yamoto. Lamulo limati ngati pamalopo pali m'bale wako unene, atumize wina. Ndinanena ndithu, koma motsitsa mawu, ndipo abwana anangoti mlangizi sagwira ndalama, palibe vuto. Sindinalimbikire. Maganizo anga anali pa nyemba za alamu, osati chipisi cha ku resitihausi.

Tili mkati mwa ntchito, mkulu wa bungwelo anatiitanira mu ofesi yake n'kutseka chitseko. Anatiuza kuti anthu akunja amene ankawathandiza asintha maganizo, ndipo bungwe litsekedwa anthu akakolola. Antchito asadziwe kaye, kuopa kuti angathawe mbewu za alimi zikadali m'munda, komanso ati mwina thandizo lina lipezeka. Abwana anga sanayang'ane mnzanga amene tinali naye. Anayang'ana ine.

Madzulo ake, tili pakhonde kunyumba kwawo, achimwene anandiuza kuti boma lawatenga pa ntchito ya ulangizi ku Chitipa. Malipiro ake anali ochepa, nyumba yosadziwika, ana ofunika kusintha sukulu, ndipo ankayenera kuyankha sabata yomweyo. Kenaka anandifunsa.

"Mdumbu wane, mlongo wanga, iwe waona m'mimba mwa bungwe lathuli. Lili bwino? Za ku Chitipazi ndikane?"

Inu owerenga, mukanayankha chiyani? Achimwene ndimawadziwa. Ndi munthu woti akamva kuti mlatho wathyoka, amaima pamsewu n'kumauza aliyense wodutsa. Ndikanawauza, pofika m'mawa alangizi anzawo onse akanadziwa, pamsika akanadziwa, ndipo wina aliyense akanadziwa kumene nkhaniyo yachokera. Ntchito yanga ikanathera pomwepo, pamodzi ndi digiri imene iwo omwewo anaivutikira. Koma ndikapanda kuwauza, ndiye kuti ndikuwaonerera akulowa m'dzenje. Ndinafunafuna njira yapakati, ndipo ndinati, "Achimwene, ntchito ya boma ndi ntchito ya boma. Ipempherereni bwino."

Ine ndinkayesa ndawatsina khutu. Iwo anamva zina. Anaganiza kuti kukanakhala choopsa, mlongo wawo amene anamulera sakanakhala phee chonchi. Anaseka, n'kundithokoza kuti, "Yewo chomene, wandimasula." M'mawa mwake ndinayesanso kudzera kwa alamu, kuwauza kuti ku Chitipa zakudya n'zotchipa ndipo anthu ake ndi abwino. Alamu, omwe kwawo ndi ku Dowa, anandifunsa moseka ngati ndatopa nawo kuti ndiziwathamangitsira kumalire. Ndinasekanso nawo.

Achimwene anakana ntchito ya boma ija. Thandizo lina silinapezeke, ndipo anthu atakolola bungwe linatsekedwa. Pa msonkhano wotsanzikana, mkulu uja pofuna kudziyeretsa ananena kuti iye sanachite zamseri, ngakhale maodita anawauza kalekale. Tsiku lomwelo foni yanga inalira. Achimwene sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Unkadziwa?"

Ndinayamba kufotokoza za lamulo, za lonjezo losunga chinsinsi, za alimi amene akanasiyidwa, ndendende ngati ndikuyankha mayeso a bambo wadazi uja. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anati, "Sukulu unaphunziradi," n'kudula.

Njinga yamoto anabweza, nyumba ya pa Boma anatulukamo, n'kubwerera ku Katowo kukalima fodya. Mwana wawo wamkazi anamuchotsa ku sukulu yogonera konko. Ndikatumiza kanthu alamu amalandira mwakachetechete, koma achimwene sakhudza. Ine kuntchito anandikweza, ndipo abwana akamalandira ana atsopano ochokera ku yunivesite amapereka chitsanzo cha ine. Ndikamamva akundiyamikira ndimalakalaka nditalowa pansi pa tebulo.

Ndinakafunsa abusa. Anati lonjezo ndi lonjezo, Mulungu sakondwera ndi wophwanya mawu ake. Nditanyamuka anawonjezera kuti komabe m'bale ndi m'bale. Ndinatuluka mmene ndinalowera. Masiku ena ndimadziuza kuti ndinateteza alimi ambiri. Masiku ena ndimaona kuti ndinangoteteza mpando wanga, za alimizo ndinazitola pambuyo. Sindidziwa kuti zoona ndi ziti.

Chaka chatha achimwene anagonekedwa m'chipatala cha pa Boma, anawachita opaleshoni. Palibe anandiuza. Ndinamva kwa mayi wina wakwathu m'minibasi ya ku Mzuzu, akundipepesa, achimwenewo atatuluka kale m'chipatala. Ndinathamangira ku Katowo ndipo ndinawapeza atakhala padzuwa, ataonda, chibonga chili m'manja. Ndikulira, ndinafunsa chifukwa chimene anandibisira. Anandiyang'ana mopanda ukali, nati, "Madamu, nafenso kuno tili ndi zinsinsi zathu."

Inu achinyamata amene mukufuna kukaphunzira zowerengera ndalama, pitani, ntchito zake zilipodi ndipo n'zabwino. Koma dziwani kuti masamu ndi mbali yopepuka. Mudzasenza nkhani za anthu zimene simudzaloledwa kutula paliponse. Akadzakutumani kumene kuli wanu, kanani mokweza, abwana akati palibe vuto kananibe, musanalowe mu ofesi muja chitseko n'kutsekedwa. Zikalowa m'khutu sizitulukanso, ndipo njira yapakati imene mudzaifunefune kulibe. Ine ndinapita chifukwa cholakalaka nyemba za alamu, lero ndikafika pakhomo paja amanditulutsira mpando wa alendo.