Tabu ya bambo a pa geti

Ine ndine wa mtima wapachala, ulesinso ndili nawo, ndipo ziwirizi ndi zimene zinandiphunzitsa kulemba masikilipiti, timapulogalamu tolamula kompyuta kuti igwire ntchito payokha. Ndinali kalaliki pa kampani ina yosunga katundu ku Graniteside. M'mawa uliwonse ndikatsika kombi ya ku Mbare, ndinkatsegula masamba ambirimbiri pa intaneti kuti ndione pamene malole athu afika. Dina apa, kopera apo, mawa chimodzimodzi. Aaa, zinandikwana!

Ndiye ndinaphunzira kulamula bulawuza, pulogalamu yotsegulira masamba ija, poilembera malamulo. Imamangidwa ngati mafulati athu a ku Mbare: nyumba yonse ndiyo bulawuza, nsanjika iliyonse ndi windo, chipinda chilichonse ndi tabu. Ukalemba kuti pita pa windo yoyamba, tabu yachitatu, unditengere zolembedwamo, imapitadi. Sifunsa, siwiringula. Ndinkadzimva kwabasi.

Pa geti panali mlonda, bambo achikulire a ku Tete amene anathawa nkhondo ali mnyamata. Pa kampani ponsepo ndi iwo okha amene ndinkalankhula nawo Chichewa, ndipo ankandiseka kuti changa n'chothira Chishona chambiri. Nthawi ya nkhomaliro ankalowa mu ofesi, chipewa m'manja.

"Mwanangu, tanditsegulire mapu aja."

Mudzi wawo unatenthedwa, ndipo pa mapu dzina lake palibe. Choncho ankatsata mtsinje pa zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba, pang'onopang'ono, mphuno pafupi ndi sikirini. Ankafuna manda a mayi awo. Miyezi inadutsa. Tsiku lina anakuwa mpaka ine kutaya tiyi.

"Apa! Mapiri awiriwa, mtsinje n'kukhota chonchi. Pa mitengo yakudayi ndi pamene tinawaika amayi."

Analira mwakachetechete, chala chili pa galasi. Ndinawasiyira windo yawoyawo, ya tabu imodzi. Magetsi akathima n'kuyakanso, bulawuza inkabweza zonse zimene zinali zotsegula, ndiye sindinade nkhawa. Kusunga keyala ya tsambalo kunali kudina kamodzi kokha. Ndinati ndidzachita mawa.

Lachisanu lina abwana anandikalipira pamaso pa madalaivala kuti kompyuta ikuchedwa chifukwa ndadzaza zinyalala. Mtima unandiwira. Ndinakhala pansi n'kuwonjezera mizere iwiri mu sikilipiti: ikamaliza ntchito itseke matabu, ifufutenso mbiri yonse ya masamba. Pofunika kulemba windo yanga yokha, ndinalemba mawindo onse. Sindinayese kaye, ndinangodina ndi ukali womwewo.

Matabu anayamba kuzimiririka, phethi, phethi, phethi. Ndinaona mapu aja akubwera pamwamba, kenaka kulibe. Mayo ine! Ndinathamangira ku mbiri ya masamba, koma munali mbee. Inachita zimene ndinailamula, osaphonya ngakhale chimodzi.

Masana bambo aja anafika monga mwa masiku onse.

"Lero mudzi wathu wadzuka bwanji?"

Ndikanangonena. Koma pakamwa panga panatuluka zina.

"Bambo, ndausunga m'kati mwenimweni kuti abwana asauone. Zikazizira ndidzakutulutsirani."

"Wachita bwino, mwanangu. Iwe ndiye umawadziwa makinawa."

Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero. Ndinayamba kufunafuna ndekha, nkhomaliro osadya. Koma mitsinje ya ku Tete ukaiona kuchokera kumwamba imangofanana, mapiri awiriawiri ali ponseponse. Ndinalemba ngakhale sikilipiti yoyendetsa mapu payokha ine ndikuyang'ana, koma ndikanazindikira chiyani poti sindinapondeko? Wodziwa malowo anali pa geti, mamita ochepa chabe, ndipo manyazi anandiletsa kuwaitana. Akafunsa ndinkati abwana akadali olusa. Pamene ndinkazengereza choncho, ng'ala inali ikuwaphimba maso. Chaka chisanathe anasiya ntchito n'kukakhala kwa mwana wawo ku Caledonia, kunja kwa tauni. Ndivomere, tsiku limene anatsanzika mtima wanga unapepuka, ndipo zimenezi zimandichititsa manyazi kuposa bodza lija.

Patapita nthawi, m'mawa wina kunabwera mayi wa msinkhu wanga atavala duku lakuda. Anati ndi mwana wa mlonda uja, ndipo bambo anamwalira mwezi wathawo. Chichewa chake chinali chodukaduka kuposa changa.

"Asanatisiye anatilamula kuti titape dothi pa manda awo tikathire pa manda a agogo. Ife kwawoko sitikudziwa. Anati tisavutike, mapu ali ndi asisi a mu ofesi."

Anatulutsa kope ndi cholembera, n'kukhala pa mpando womwe ankakhalapo bambo ake. Achimwene ake anali atapempha kale tchuthi kuntchito, mapasipoti atakonza.

Ndinamuuza zonse. Za abwana, za mizere iwiri ija, za bodza langa. Ndinayembekezera kuti andilalatira, ndipo ndinkafuna atatero. Iye anangotseka kope lake.

"Nanga dothi lija tipite nalo kuti?" anafunsa. "Tatapa kale. Lili m'chitini kunyumba."